Womasulira wa pa Ellis Island

Pafupi ndi mzinda wa New York, m'dziko la America, pali kacisumbu kochedwa Ellis Island. Kale anthu osauka ocokera ku Ulaya anali kutsikira pamenepo kuti ayesedwe asanalowe m'dzikomo. M'caka ca 1907 cokha panapita anthu oposa 1,000,000, ndipo ambiri a iwo sanali kudziwa Cingelezi. Caka comweco mnyamata wina wamfupi, dzina lace Fiorello La Guardia, analembedwa nchito yomasulira mau pa cisumbupo.

Iyeyu anabadwira ku New York m'caka ca 1882, koma makolo ace anali alendo. Atate wace anacokera ku Italy, nakhala mkuru wa oyimba malipenga pakati pa asilikari a America. Mnyamatayo anadziwa Citaliyana ndi Cijeremani ndi zinenero zina, pakuti anayamba wagwira nchito ku Ulaya. Tsiku ndi tsiku anali kuima pakati pa dotolo ndi mlendo. Anaona anthu akubwezedwa kwao, mabanja nkupatukana. Iye anakhulupirira kuti ambiri amene ananenedwa amisala analibe misala konse, koma kuti dotolo sanamvetse cinenero cao ndi makhalidwe ao.

Womasulira angathe kupereka mau a munthu, koma sangathe kusintha lamulo. Cifukwa cace La Guardia anali kugwira nchito usana, ndipo madzulo anali kupita ku sukulu kukaphunzira za malamulo. Anatsiriza m'caka ca 1910 nakhala loya, nayamba kunenera anthu osoka zobvala pa milandu yao.

M'caka ca 1914 anafuna kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya ku Washington, yochedwa Congress, koma analephera. Sanataye mtima, m'caka ca 1916 anayesanso, ndipo anasankhidwa. Kuyambira 1923 anali phungu wa East Harlem, dera la New York kumene Ataliyana ambiri anali kukhala mopanikizana.

M'Nyumbamo sanapambane masiku onse. M'caka ca 1924 aphungu anapanga lamulo locepetsa kwambiri alendo ocokera ku Italy ndi maiko ena. La Guardia anatsutsa kolimba, koma anagonja, ndipo khomo limene makolo ace analowera linatsala pang'ono kutsekeka.

Komabe zina anazitha. Masiku amenewo olemba anthu nchito anali kukakamiza munthu kulonjeza kuti sadzalowa m'bungwe la anchito, ndipo oweruza anali kuletsa anthu kunyanyala nchito. M'caka ca 1932 iye ndi phungu wina, George Norris, anabweretsa lamulo lakuti lonjezo lotere lisakhale ndi mphamvu m'mabwalo a boma lalikuru, ndi kuti oweruza a mabwalowo asamaletse wamba kunyanyala kwa mtendere. Lamuloli limachedwa ndi maina ao awiri.

Caka comweco anthu a East Harlem sanamsankhenso. Ambiri anayesa kuti watha, koma m'caka ca 1933 anthu a New York anamsankha kukhala mkuru wa mzinda wonse, ndipo analamulira kuyambira 1934 kufikira 1945. M'caka cotsirizaco onyamula nyuzipepala ananyanyala nchito, ndipo ana anasowa tinkhani tao toseketsa ta m'nyuzimo. Tsono iye mwini anawawerengera pa wailesi. Anamwalira m'caka ca 1947, ndipo bwalo lina la ndege ku New York limachedwa ndi dzina lace.

Akuru amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka La Guardia kanali zinenero za anthu osauka ndi maphunziro a madzulo. Pamene anatsiriza maphunzirowo anali munthu wamkuru wa zaka 27, ndipo anali akugwirabe nchito usana.