Pamene Tinaleka Kugwirana Chanza

Ambiri tikakumbukira chaka cha 2020 timakumbukira zotseka pakamwa ndi ndowa za madzi osamba m'manja pakhomo pa mzikiti. Ine ndifuna ndikambe za nthenda ina imene sinkayezedwa ndi makina, nthenda ya kusungulumwa, monga ndinaionera kuno ku Nkhata Bay kumene ndimaphunzitsa madrasa.

Kunena zoona, ife a ku Malawi sitinatsekeredwe m'nyumba monga anzathu a ku South Africa. Boma linalengeza kuti kuyambira pa 18 Epulo anthu akhale pakhomo masiku 21, koma mavenda anachita zionetsero ku Mzuzu ndi ku Blantyre, ndipo pa 17 Epulo bwalo lalikulu la milandu linaimitsa lamulolo. Komabe sukulu zinali zitatsekedwa kale pa 23 Malichi, ifenso tinatseka madrasa. Alendo odzaona nyanja anasiya kubwera, anyamata osema ziboliboli n'kumangoswera padzuwa osagulitsa kanthu. Ku Joni ntchito zitaima, ndalama zotumiza kumudzi zinaimanso, ndipo m'boma lino ndi mabanja ambiri amene mphika wawo umadikira mwana wa ku Joni.

Asilamu kuno ndife ochepa, ndipo ambiri abale athu ali kutali, ku Nkhotakota, Salima kapena Mangochi. Mzikiti ndiwo mudzi wathu. Tsono Ramadhani itayamba kumapeto kwa Epulo, futali yodyera pamodzi inalekeka, pa Swala tinkaima motalikirana, ndipo achikulire tinawapempha kuti aziswalira kunyumba.

Mmodzi wa iwo anali bambo wina telala, amene kwa zaka zambiri sanaphonyepo Swala ya m'bandakucha pagulu. Patatha milungu ingapo mayi a kunyumba anatituma mwana kudzanena kuti bambo sakudya, sakugona, makina osokera angowafunditsa nsalu. Chifuwa analibe, thupi silinkatentha. Ena anati ndi majini, ena anati imani yachepa, angopirira basi. Mawu achiwiriwa ndi amene ine ndimakana. Mneneri Yakubu (AS) analira mwana wake Yusufu mpaka maso anayera, ndipo chaka chimene Mtumiki (SAW) anataya mayi Khadija ndi bambo ake aakulu Abu Talib chimatchedwa Chaka cha Chisoni mpaka lero. Kodi iwowa imani yawo inali yochepa?

Tinagwirizana kuti ikatha Swala ya Asri, awiri a ife tizipita kukakhala pabwalo pawo patsinde pa mango, chapatali pang'ono, pakamwa titatseka. Sitinkapita kukalalikira ayi. Tinkakamba za mtengo wa usipa, za mwera umene unaletsa asodzi kulowa panyanja, nthawi zina osakamba kanthu n'komwe. Masiku oyamba ankangoyankha salamu, maso ali pansi. Kenaka tsiku lina anadzudzula kusoka kwa kanzu yanga, nati telala wake anali waulesi, ndipo tonse tinaseka.

Nyengo yowawa koposa inadza mu Januwale 2021. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo mantha analowa m'nyumba iliyonse. Pa maliro sipankaloledwa anthu oposa 50, ndipo ambiri ankaopa ngakhale kuponda pakhomo pa siwa. Apa ganizirani za mayi wamasiye amene ali pa eda. Miyezi inayi ndi masiku khumi amakhala pakhomo, ndipo chimene chimampepuza ndi amayi anzake obwera kudzacheza, kudzasinja naye, kudzamumvera akamakamba za malemu. Chaka chimenecho mayi wotere ankatsala yekha ndi makoma. Amayi a pamzikiti pathu, Allah awalipire zabwino, anachita zimene ife amuna sitinaziganize. Anagawana masiku, wina kuimba foni m'mawa, wina kusiya kondowole ndi ndiwo pakhonde n'kuima pampanda kucheza naye. Ankasonkherana ndalama ya mayunitsi kuti aziyankhula ndi ana ake.

Koma kucheza kuli ndi malire ake. Munthu akatha milungu iwiri kapena kuposa ali wokhumudwa, osagona, osadya, makamaka akayamba kunena kuti kuli bwino angofa, mumtengere kuchipatala msanga, ndipo musamusiye yekha. Ku Mzuzu kuli chipatala cha St John of God chimene ntchito yake ndi matenda a maganizo. Dua ipitirire, mankhwalanso amwedwe. Bambo telala aja tinawaperekeza kumeneko pa minibasi, anakaonana ndi alangizi kangapo, ndipo pofika Idi ya chaka chotsatira makanzu a ana anga a madrasa anasoka ndi iwo.