Thanthwe si mchenga

Mwezi watha ntchito inandiphonya, n'kupita kwa anyamata ena amene anatchula theka la mtengo wanga. Za ndalamazo ndikanapirira. Chinandipsetsa mtima ndi lipoti lawo: thanthwe analitenga ngati mchenga, kompyuta n'kuipatsa nambala imodzi, madzi n'kumasefukira mofanana paliponse. Mapu okongola kwabasi, koma bodza lokhalokha.

Ntchito yanga ndi yowerengera njira za madzi apansi pafupi ndi malo okwirirako zinyalala za nyukiliya. Ku Onkalo, pachilumba cha Olkiluoto ku Finland, anayamba kukumba mu 2004, ndipo mapanga ake ali pansi mamita oposa 400. Zinyalalazo zidzatsekeredwa m'migolo ya mkuwa yokutidwa ndi dongo la bentonite, kuti zikhale chete zaka 100,000. Mdani wake ndi madzi: ndiwo angadye mgolo, ndiwonso angatulutse poizoni kumtunda. Ndipo m'mwala wolimba chonchija madzi amadutsa m'ming'alu basi.

Izi ndinayamba kuziona kwathu ndikugwira ntchito ya mijigo. Mjigo wina madzi osaphwa, unzake pataliko pang'ono uli gwaa. Amene anandimasulira chifukwa chake ndi mkulu wina wa ku Sweden amene anandisula. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kukhudza kompyuta. Tinkangokhala m'shedi yozizira, pakati pa mabokosi a miyala yotuluka pobowola, yobulungira ngati misi. Iwo ankanyowetsa mwala ndi siponji, n'kundipatsa.

"Mnyamata iwe, mng'alu uwu ndi wa Mulungu kapena ndi wa makina?"

Pamenepo ndiye pagona luso. Mng'alu wothyoledwa ndi makina umakhala woyera, mbali zake ukaziphatikiza zimagwirana ndendende. Wakale umakhala ndi zokutira, mwina calcite woyererako, mwina chlorite wobiriwira moderako, mwina dzimbiri, umboni woti madzi anadutsapo. Ndikalakwitsa sankakalipa. Ankangobwezera mwala m'bokosi, n'kukathira khofi, ine n'kutsala ndi manyazi anga. Khofi wawo anali wowawa ngati kwinini, koma kukana kunalibe.

Anandiphunzitsanso lamulo limene sindiliiwala: mng'alu ukakula kawiri, madzi odutsamo amachuluka kasanu n'katatu. Ndiye kamng'alu kamodzi kotseguka kamaposa mazana otsekeka. Mukatsitsa chipangizo choyezera madzi m'dzenje, monga Posiva Flow Log, mumapeza kuti ming'alu yoyenda madzi ndi yowerengeka, makamaka mukafika pansi kwambiri. Amene amaphatikiza zonse n'kutenga avereji amafafaniza mng'alu womwewo umene tikuusaka.

Za kompyuta sindichulutsa, aliyense angaphunzire. Timaipatsa kukula, kupendekeka ndi kuchuluka kwa ming'alu, iyo n'kupanga maukonde ambirimbiri otheka, chifukwa pakati pa maenje awiri palibe anaonapo. Yankho limatuluka losiyanasiyana, ndipo apa ndi pamene timayambana ndi eni ntchito. "Bambo, tingofuna nambala imodzi." Ndikawauza kuti Olkiluoto ikukwerabe mamilimita pafupifupi 6 pachaka chichokereni madzi oundana amene anaikuta kalekale, kuti nyanja idzasuntha, madzi amchere apansi nawo n'kusuntha, amayamba kuyang'ana wotchi, kenako amafunsa ngati masiku a m'shedi sangachotsedwe pa bilu.

Siponji ya mkulu uja ndidakali nayo. Anandisiyira tsiku limene ankapuma pa ntchito, atayikulunga m'nyuzipepala.