Kuchokera ku Brest Kufika Pakhomo pa Moscow

Mzinda wa Brest uli m'mphepete mwa mtsinje wa Bug, pamene dziko la Belarus lichitira malire ndi Poland. Mlendo akafika kumeneko, eni mudzi amayamba amuperekeza ku linga lakale la njerwa zofiira, ndipo inenso ananditengera komweko. Makoma ake ali ndi zipsera za zipolopolo kufikira lero, pakuti linga limeneli ndi limodzi mwa malo oyamba kumene mizinga inagwa m'bandakucha wa Lamulungu, pa 22 June 1941. Tsiku limenelo asilikali a Germany oposa 3 miliyoni anayamba kuoloka malire a Soviet Union.

Hitler anali atasaina lamulo la nkhondoyi pa 18 December 1940, naitcha Barbarossa. Nzeru yake inali yakuti akasinja athamange kutsogolo, azinge asilikali a Soviet pafupi ndi malire asanathaŵire m'kati mwa dziko, ndipo zonse zithe chisanu chisanafike. Gulu lina linaloza ku Leningrad, lina ku Kiev, koma lamphamvu koposa, la kazembe von Bock, linatsata njira ya Minsk ndi Smolensk kunka ku Moscow. Njira yomweyo ndi imene ndinayenda ine pa sitima.

Za ku linga kuja ndinene ichi chokha: Ajeremani anayesa kuti alitenga m'maola oŵerengeka, koma Major Pyotr Gavrilov anagwidwa pa 23 July, anzawo atafika kale ku Smolensk.

Chinthu chimene chinanditsegula maso ndi njanji. Ya ku Russia ndi yotakata kuposa ya ku Germany, chotero sitima za adani sizikanatha kuyendapo kufikira amisiri ataisendeza, mtunda ndi mtunda. Misewu yambiri inali yadothi. Chakudya, zipolopolo ndi mizinga yambiri zinakokedwa ndi akavalo okwana ngati 600,000. Aŵerengi, taganizani: akasinja ali patsogolo, mafuta ali kumbuyo kutali! Ndili pazenera la sitima ndinaona nkhalango ndi madambo zikungosinthana maola ambiri, dziko losati n'kutha, ndipo ndinamva chimene mapu a ku Berlin sanathe kunena.

Minsk anagwa pa 28 June, Smolensk pakati pa July. Apa ndi pamene akulu anagaŵanika. Akazembe anafuna kulunjika ku Moscow, kumene njanji zikuluzikulu zimakumana. Hitler anakhumba tirigu wa ku Ukraine ndi malasha a ku Donbas. Mawu ake anapambana, ndipo mu August akasinja a Guderian anatembenukira kumwera. Ku Kiev anagwira asilikali oposa 600,000, ndipo patangopita masiku 10 mzindawo utagwa, Ayuda 33,771 anawomberedwa m'chigwa cha Babi Yar pamasiku aŵiri okha. Ena amati kupatuka kumeneku ndiko kunataya Moscow. Ine ndikayika, popeza gulu lapakati lija linali litatopa kale, njanji isanakonzeke kulidyetsa.

Ulendo wa ku Moscow unayambanso pa 2 October. Sipanapite masabata aŵiri mvula inasandutsa misewu matope ozama, ndipo matope atauma ndi chisanu, asilikali ambiri analibe zovala zofunda.

Sitima yanga inayenda makilomita ngati 1,100 amenewo usiku umodzi ndi kachigawo ka tsiku. Nditatsika ndinakwera galimoto kunka ku Khimki, pamsewu wopita ku bwalo la ndege la Sheremetyevo. Pamenepo, makilomita 23 kuchokera pakati pa mzinda, paimirira zitsulo zazikulu zitatu zopingasa, zonga zija ankatchingira akasinja, zimene anaziimika mu 1966 kukumbukira kumene adani analekezera. Pa 5 December 1941 ankhondo a Soviet anayamba kuwabweza m'mbuyo. Ndinaima pamenepo kanthaŵi, magalimoto akudutsa mothamanga, kufikira woyendetsa wanga anaimba belu kuti pamsewu pamenepo sayenera kuimapo nthaŵi yaitali.