Samurai Amene Ankathamangira Kunyumba

Bambo atachita sitiroko, udindo wowasamalira unagwera ine. Moyo unangokhala umodzimodzi: kuntchito, kunyumba, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala, kuchapa zofunda usiku. Anzanga oyamba nawo ntchito anakwezedwa, ena anapita ku Joni n'kumatumiza zithunzi za magalimoto. Mtima unkandiwawa, ndipo nthawi zina ndinkawakalipira bambo osalakwa kanthu. Ndinkati matenda awo andimanga miyendo.

Chimene chinandisintha ndi filimu ya ku Japan ya mu 2002, The Twilight Samurai, yopangidwa ndi Yoji Yamada kuchokera ku nthano za Shuhei Fujisawa. Ndinkayembekezera malupanga ndi magazi, koma ndinapezamo kalaliki ngati ine. Seibei Iguchi, amene mbali yake anasewera Hiroyuki Sanada, ndi samurai wa udindo wotsika, wowerengera nsomba zouma ndi zakudya zina m'nkhokwe za mbuye wake, kutatsala pang'ono kuti ulamuliro wa asamurai ugwe mu 1868. Mkazi wake anamwalira ndi chifuwa chachikulu, maliro n'kumusiya m'ngongole mpaka kugulitsa lupanga lake, m'chimake n'kuikamo lansungwi. Ali ndi ana aakazi awiri, Kayano ndi Ito, komanso mayi okalamba amene anasiya kumuzindikira.

Dzuwa likapendeka, anzake amapita kukamwa, iye amathamangira kunyumba, ndipo n'chifukwa chake anamupatsa dzina lachipongwe lakuti Wamadzulo. Zovala zake n'zong'ambika, kusamba sapeza mpata, mpaka mbuye wake anamva fungo. Usiku amakhala pafupi ndi moto ndi ana ake, akuluka tizikwere ta tizilombo togulitsa, uku mwana wamkulu akuloweza za kusukulu. Pamenepo misozi inalengeza m'maso mwanga. Munthuyu sankaoneka womangidwa. Ankayang'ana ana akewo ndi nkhope ya munthu wokhuta.

Komatu sanali wamantha kapena wopanda luso. Anagonjetsa ndi ndodo chabe chidakwa chankhanza, mwamuna wakale wa mkazi wina dzina lake Tomoe. Atalamulidwa kukapha samurai wina, Yogo Zenemon, anayesa kukana, ndipo anapita mokakamizidwa. M'nyumba yamdima ya Yogo anapeza kuti munthuyo anali mnzake mu umphawi, yemwe anataya mkazi ndi mwana, phulusa la mwanayo alisunga mumtsuko. Ulemerero umene anthu ankausirira unali womwewo: amphawi awiri kuphana chifukwa cha mikangano ya akuluakulu.

Seibei anakwatira Tomoe, koma pasanathe zaka zitatu anafa ndi chipolopolo pa nkhondo ya Boshin. Anzake ena anadzakhala akuluakulu m'boma latsopano n'kumamutcha watsoka. Ito, atakalamba, akukana zimenezo: bambo ake sankafuna kutchuka, ankakonda ana awo ndipo nawonso ankakondedwa.

Phunzirolo linandipweteka. Ndinkayeza moyo wanga ndi muyeso wa anthu amene sanalowepo m'nyumba mwanga. Ngongole sizinathe, kutopa sikunachoke, ndipo sindikunena kuti umphawi ndi wabwino, chifukwa ngakhale Seibei unamuchititsa manyazi. Koma ndinasiya kudikira tsiku limene moyo udzayambe. Inu amene mukudwazika kholo kapena kulera ana popanda wokuyamikani, musadzione ngati otsalira. Ntchito imeneyo ndi yaikulu, ndipo nthawi yoigwira ikadutsa sibwereranso.