Manja a bambo pa chithunzi cha ku Misuku

Anzanga a kunyanja, ndikuuzeniko za chithunzi chomwe chandisowetsa tulo sabata ino.

Bambo anga anali msodzi kuno ku Nkhotakota moyo wawo wonse. Ulendo wautali anayenda umodzi wokha, mu 2022, pomwe mlongo wanga ankakwatiwa ku Misuku, m'boma la Chitipa. Tinadzera Mzuzu mpaka Karonga, kenako kukwera mapiri, kukakhota pa Kapoka. Kumeneko kulibe nyanja, ndi khofi, nthochi ndi kuzizira basi. Bambo sanavule jekete masiku onse atatu.

Chaka chatha anatisiya. Pano tikukonzekera kuvundukula chiliza, ndiye pakufunika chithunzi chawo pa pulogalamu. Tinafufuza m'mafoni monse, chooneka bwino n'chimodzi chokha, cha ku ukwati kuja. Koma anthu ndi ambiri, sipika pakati, ndowa ya thobwa pambali, bambo ali kungodya, akumanga chingwe cha tenti chomwe chinamasuka ndi mphepo.

Amayi anati, "Iwe umakonza mainjini a maboti, chithunzi sichingakukanike."

Ndinadula pafoni, n'kusiya nkhope yokha pakatikati. Chinatuluka chambuu, ngati cha pa chiphaso. Ndiye phunziro loyamba: WhatsApp imafinya chithunzi, ukachidula kwambiri chimasweka. Ndinauza mlongo wanga achitumize ngati document, chinabwera chowala.

Ndinadulanso nkhope yokha, ndinakawaonetsa amayi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Nkhope ndi yomweyo, koma bambo ako sindikuwaonamo."

Usiku ndili pa gombe ndinachitsegulanso chonse. Apa m'pomwe ndinaona. Diso langa silinkapita kunkhope ayi, linkapita kumanja. Manja aja ong'ambika ndi chilimira, akumanga mfundo yomweyo ankamangira bwato. Pamwamba pa phiri, kutali ndi madzi, anthu akuvina, iwo ali pa ntchito ya chingwe.

Ndinayambiranso. Ndinachotsa sipika, ndowa ndi ovina onse, chifukwa ankangolanda diso. Ndinasiya kuyambira pa chipewa mpaka pa manja ndi chingwe. Ukamadula, foni imaonetsa timizere togawa chithunzi patatu. Bambo ndinawaika pa mzere wakumanzere, osati pakati, n'kusiya mpata mbali yomwe akuyang'ana, phiri likuonekera pang'ono kumbuyo. Ndinasamalanso kuti ndisadule pa chigongono kapena pa zala, munthu amaoneka ngati wavulala.

Amayi ataona sanayankhule. Anangotenga foniyo n'kulowa nayo kuchipinda.

Ndiye musanadule chithunzi, sungani kaye choyambacho. Kenako dzifunseni kuti munthuyu timamudziwira chani. Chimenecho chitsale, zinazo zipite.

Ndipo makolo akadali moyo, ajambuleni ali pa ntchito yawo, akusoka ukonde kapena akuyanika usipa pa thandala. Ife tatsala ndi chimodzi, chojambulidwanso kwa eni.