MLENJE WA KU GUNNISON ASIYA MFUTI, ATENGA UTA

Tauni ya Gunnison iri m'cigawo ca Colorado ku Amereka, pakati pa mapiri a Rocky. Iri pamtunda wa mamita pafupifupi 2,350, kutalika kolingana ndi nsonga za mapiri athu a Mafinga, komabe anthu a kumeneko amati akhala m'cigwa cifukwa mapiri enieni ali pamwamba pao. M'mapirimo muli nyama yochedwa mule deer, dzina lobwera cifukwa ca makutu ace aatali ngati a bulu. Iri ngati mbawala yathu koma njokulirapo, ndipo nyanga za yamphongo ziri ndi nthambi, zimathothoka caka ndi caka.

M'mwezi wa Seputembala ndinaperekeza bambo wina wacikulire ku uzimba m'mapiri a West Elk, kumpoto cakumadzulo kwa tauniyi. Bamboyu anasaka ndi mfuti kuyambira ali mnyamata, koma tsopano mfutiyo anaitsekera m'bokosi nagula uta. Titanyamuka kusanace, ndinawafunsa cifukwa cace. Iwo anati ndi mfuti anali kupha nyama iri pamtunda wa mamita 300, ndipo anazindikira kuti zaka zonsezo mapiri anali kungowaonera patali, osawadziwa. Ndi uta ayenera kufika pa mamita 30 kapena 40, pamene nyama ingamve ngakhale kuthyoka kwa kamtengo.

Boma la Colorado linapatula nyengo ziwirizi. A uta amasaka mu Seputembala, masamba a mitengo ya aspen atayamba kusanduka cikasu, pamene nyengo zazikuru za a mfuti zimadza mu Okutobala ndi Novembala. Wa mfuti amalamulidwa kubvala cobvala cowala kwambiri kuti alenje anzace amuone, asamuombere. Wa uta amabvala zofanana ndi chire. Onse awiri sangalowe m'thengo opanda cilolezo, ndipo zilolezo za nyamayi zimagawidwa mwa maere.

Phunziro loyamba la tsikulo linali la mphepo. M'mamawa mpweya wozizira umatsetsereka kucokera kumwamba kupita ku cigwa, koma dzuwa likatenthetsa mapiri umatembenuka nuyamba kukwera. Wa mfuti angathe kunyalanyaza zimenezi nthawi zina, wa uta iai. Pfungo la munthu likafika m'mphuno za nyama, uzimba wa tsikulo watha. Motero bamboyu anali ndi kabotolo ka ufa, ndipo kawirikawiri anali kuwaza pang'ono m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera, monga amacitira alenje a kwathu ndi phulusa.

Dzuwa litakwera tinaona yamphongo ndi magalasi oonera patali, iri kugona pamthunzi pafupi ndi pamene mitengo imathera, pamtunda woposa mamita 3,000. Ine mpweya unali kundicepera ndipo mutu unali kuwawa, conco ndinatsala pa thanthwe. Bamboyu anazungulira phiri kuti aitsikire kucokera kumwamba. Atayandikira anabvula nsapato, nayamba kukwawa. Panapita maora awiri. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo tsikulo ndinaona tanthauzo lace.

Nyama ija itaimirira, iwo anakoka uta. Ndinadikira kuona mubvi ukuuluka, koma anabweza nsinga pang'onopang'ono, nyamayo nkulumpha kulowa m'nkhalango. Pobwera anandifotokozera kuti inaima moyang'anana nao, ndipo fupa la phewa linatseka njira ya ku mapapo. Mubvi umapha potaya magazi. Ukalasa m'mapapo nyama imagwa msanga, koma ukalasa m'mimba imathawa nikafera kutali patapita maora ambiri, mwina osapezeka konse. Pamenepa ndipo pali ngozi ya uta, ndipo anthu otsutsa usaki wotere amachula cimeneci. Mlenje wosiya mfuti ayenera kuphunzira kulasa miyezi yambiri, ndiponso kuphunzira kuleka.

Uta sunayambe lero m'mapiri a Amereka, pakuti Amwenye a kumeneko anasaka nao zaka mazana ambiri. M'caka ca 1911 Ishi, munthu wotsiriza wa mtundu wa Yahi, anaturuka m'thengo pafupi ndi Oroville ku California. Dokotala wace, Saxton Pope, anaphunzira kwa iye kusema uta ndi kuwenda nyama, ndipo Ishi atamwalira mu 1916, Pope anafalitsa luso limeneli. Cigawo ca Wisconsin cinakhala coyamba kupatula nyengo ya a uta mu 1934. Mu 1969 Holless Wilbur Allen wa ku Missouri analandira cikalata ca umwini wa uta wokhala ndi timawilo kumapeto, umene umapeputsa nchito ya mkono pamene munthu wakoka nsinga. Uta wa bamboyu ndi wa mtundu umenewo.

Tinatsika madzulo opanda nyama. M'njira ndinafunsa kuti, kodi bambo, amai kunyumba sadandaula ndiwo zikasowa? Anaseka, nabvomera kuti m'zaka za mfuti nyama inali kucuruka m'nyumba koposa tsopano. Komabe anati mawa adzakweranso phiri lomwelo, cifukwa tsopano adziwa pamene yamphongo ija imagona ndi kasupe amene imamwapo.