Mbaula Igona Panja

Pa Sondo masana, anthu akacoka ku chechi, ife timakumana mu kashopu kometeramo tsitsi kuseri kwa msika wa mu komboni mwathu. Tilipo anai. Mwini shopu ni wa Sabata, conco kwa iye Sondo ni tsiku la nchito. Waciwiri ni mnyamata wophunzira kemisitiri pa UNZA, amene analeka kupemphera ali giredi 11 ndipo amafuna kuti aliyense adziwe zimenezi. Wacitatu ni mtsikana wa Katolika wophunzira unesi. Sakonda kukweza mau, koma akakamba nkhani imathera pamenepo. Wacinai ndine. Nimakonza mafoni pa kantemba, ndipo nimaimba besi mu kwaya.

Cimene cinatigwirizanitsa ni kukonda kufunsa. Tsiku lina nkhani imakhala ya batire ya foni imene yatupa. Tsiku lina ni ya mphezi: cifukwa ciani timayamba kuona kung'anima, kugunda n'kubwera pambuyo? Kuwala kumathamanga makilomita pafupi-fupi 300,000 pa sekondi, pamene mau amayenda mamita 340 cabe. Ukawerenga masekondi atatu pakati pa kung'anima na kugunda, ndiye kuti yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi. Koma olo tiyambire kuti, nkhani zathu zimakathera kwa Mulungu.

Nikumbukira tsiku limene wa pa UNZA anakamba modzitama kuti Big Bang inatsiriza nkhani ya Genesis. Nesi wathu anamufunsa ngati adziwa munthu amene anayambitsa ganizo limenelo. Anali Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium, amene mu 1927 analemba kuti cilengedwe cikufutukuka. Wometa anasiya mutu wa kasitoma n'kuyamba kuomba m'manja. Koma nesi anali asanatsirize. Anati mu 1951, Papa Pius XII atakamba monga kuti sayansi imeneyi yatsimikizira nkhani ya kulenga, Lemaître mwiniwake sanakondwere. Sanafune kuti cikhulupiriro cipacikidwe pa masamu amene mawa angasinthe. Wometa anabwerera ku mutu wa kasitoma, wa pa UNZA anayang'ana mu foni. Onse awiri analandidwa mfuti.

Malaiti akapita makina ometera n'kuzima, tinali kukamba za Michael Faraday, amene mu 1831 anaonetsa kuti maginito akamayenda pafupi na waya wokulunga, mu waya mumayenda magetsi. Ku Kariba madzi amagwa, amazungulitsa makina, ndipo cimene cimacitika mkati ni comweco. Wometa anali kukonda kutikumbutsa kuti Faraday anali mkulu mu kachechi kena ku London. Wa pa UNZA anali kuyankha kuti maginito safunsa ngati munthu wapemphera.

Kukamba zoona, zonsezi zinali maseŵera. Tinali kukangana monga anthu a Arsenal na Manchester United, kenako n'kugawana Fanta imodzi. Palibe amene anali kuluza kanthu.

Zinasintha mu July 2024. Caka cimeneco mvula inakana, ndipo boma linalengeza mu February kuti cilala ni tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, malaiti anayamba kusowa pafupi-fupi tsiku lonse, ndipo ngakhale anthu a masitovu anabwerera ku malasha. Ndiye muidziwa mphepo ya July mu Lusaka.

Mlongo wanga, mwana wa amai aang'ono, amakhala na ana ake awiri mu cipinda cimodzi kuseri kwa nyumba ya amai ake. Usiku wina ataphika kayera, analowetsa mbaula kuti ana asazizidwe, n'kutseka citseko. Ca m'ma 04, mwana wamkulu wa zaka 7 anauka akusanza. Miyendo inakana kuima, conco anakwawa mpaka pa citseko, anacitsegula n'kuyamba kulira. Amai aang'ono atathamangirako anapeza mlongo wanga akuyankha zosamveka, kamwana kakang'ono kali lobodo ngati nsanza. Mnansi wa taxi anawathamangitsira ku cipatala, anawaika pa okosijeni, ndipo onse atatu anacira.

Ku cipatala anawauza kuti ni mbaula. Koma pofika kunyumba, nkhani inali itavala zovala zina. Pa plot yoyandikana pamakhala ambuya ena okalamba, amene anakangana na amai aang'ono sabata imeneyo pa nkhani ya madzi ocapira amene anali kuyenderera kulowa pa bwalo. Ati pokangana ambuyawo anakamba kuti, “Muzaona.” Manje anthu atatu adwala usiku umodzi, palibe cilonda, palibe utsi, ndipo mwana akuti anamva monga munthu wamukhalira pa cifuwa. Amai aang'ono anayamba kusonkhanitsa ndalama zoitanira apapa ena kuti abwere adzaonetse amene wacita zimenezi. Anyamata a mu mseu anali atayamba kale kuloza nyumba ija. Imwe amene munakulira mu komboni mudziwa zimene zimacitika nkhalamba ikachulidwa kuti ni mfiti. Miyala siyembekezera umboni.

Sondo imeneyo mu shopu munalibe kuseka. Wa pa UNZA anatenga pepala n'kuyamba kulemba. Anati malasha ni kaboni. Mpweya ukakhala wokwanira, kaboni mmodzi amagwirana na okosijeni awiri, n'kupanga carbon dioxide. Mpweya ukacepa, amagwirana na mmodzi cabe, ndipo cimene cimatuluka ni carbon monoxide. Ilibe fungo, ilibe mtundu, siyabwa m'maso. Malasha amene afiira bwino osatulutsa utsi, aja amene timati manje yapya tingailowetse, amakhala akali kuitulutsa.

Nesi anapitiriza. Anati mu magazi muli haemoglobin, imene nchito yake ni kunyamula okosijeni kucoka m'mapapo kupita m'thupi lonse. Carbon monoxide imamatirira pa haemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni kuwirikiza nthawi zoposa 200. Zili monga minibasi imene yadzaza anthu okana kutsika: ikuyenda ndithu, koma amene afunika kukwera atsala pa siteshoni. Munthu amapuma, koma ubongo na mtima zili na njala. Mutu umawawa, cizungulire cimabwera, amasanza, miyendo imalefuka, maganizo amasokonezeka. Amene ali m'tulo nthawi zambiri sauka n'komwe. Anati cimene mwana anamva pa cifuwa si munthu, ni thupi lofuna mpweya. Ndipo anthu a nyumba imodzi akadwala mofanana pa nthawi imodzi, coyamba kuganizira ni cimene apuma kapena cimene adya.

“Ndiye tiyeni tikawauze,” anatero wa pa UNZA. “Uwu ni umbuli, ndipo uzaphetsa munthu.”

Wometa anapukusa mutu. “Iwe boyi, zonse wakamba ni zoona. Koma ukapita na nkhope imeneyo, cimene azamva ni cakuti mwana wa sukulu wabwera kuwauza kuti ni opusa. Azakupitikitsa, ndipo mailo apapa afika.”

“Manje tiname?”

“Ndani wakamba zonama? Pepala lako lionetsa kuti ambuya aja alibe mlandu. Koma cimene cingagwire dzanja la amai ake uyu ni lamulo limene analoweza ali mwana, loletsa kunamizira mnzako. Popanda pepala lako sazadziwa kuti akunamizira munthu. Popanda lamulo lija, mwina sazaona cifukwa colekera.”

Wa pa UNZA sanagonje. Anati tisaiwale kuti kukhulupirira zinthu zosaoneka n'kumene kwafikitsa nkhani pamenepa, ndipo kuti apapa amene akuitanidwawo nawonso amanyamula Baibo. Ninafuna kumutsutsa, koma sininapeze mau. Nimaimba mu kwaya, ndipo nadzionera ndekha anthu akulipira ndalama ya lendi kuti auzidwe dzina la mdani wao. Anali kukamba zoona, wometa nayenso anali kukamba zoona, ndipo amene anafunika kupita ninali ine.

Ninapita pa Mande madzulo. Ninapeza amai aang'ono akusankha kapenta pa khonde. Ninawapatsa moni, n'kufunsa za odwala, kenako ninawapempha kandulo na kapu ya galasi. Ninayatsa kandulo n'kuivundikira. Inazima.

“Mwaona amai, moto umadya mpweya. Kandulo ikasowa mpweya imafa. Koma malasha safa msanga. Amapitiriza kunyeka pang'ono-pang'ono, ndipo pamenepo m'pamene amatulutsa poizoni yambiri.”

Ananiyang'ana monga mmene amayang'anira mwana amene wabwera na nzeru za mu foni. “Iwe mwana wanga, mbaula tinayamba kuota usanabadwe. Cifukwa ciani lelo?”

Funso limenelo linali labwino, ndipo sininali na yankho. Ninapempha kuti nione cipinda. Nitalowa ninayang'ana m'mwamba. Tumabowo tolowetsa mpweya pamwamba pa windo tunali totsekedwa na masaka a unga. Pa windo pamene galasi inasweka panali katoni yomata na selotepu. Mipata ya pansi pa malata inali yotsekedwa na nsanza, ndipo pansi pa citseko panali citenje cakale copinda. Cipinda cinali ngati kapu ija.

“Amai, izi anatseka ndani?”

Anakhala cete nthawi yaitali. Kenako anati, “Ndine. Sabata yatha. Kamwana kanali kukhosomola.”

Pamenepo m'pamene ninamvetsa cimene ife anai sitinaone mu shopu. Tinali kuganiza kuti vuto ni kusadziwa kemisitiri. Koma anesi ku cipatala anali atawauza kale za mbaula, ndipo amai aang'ono si munthu wogona. Niganiza kuti mu mtima anali atayamba kale kuwerenga masaka aja. Kukhulupirira kuti mnansi wakulodza n'kowawa, koma kumapepuka ukakuyerekezera na kudziwa kuti manja ako, pofuna kufunditsa adzukulu, anatsala pang'ono kuwapha. Ambuya a pa plot ina anali kunyamula katundu amene amai aang'ono analephera kunyamula okha.

Analira. Ninawauza kuti palibe amene angawaimbe mlandu, kuti anali kuteteza ana ku mphepo, ndipo kuti anthu ambiri sadziwa kuti malasha opanda utsi amapha. Za lamulo lija sininakambe zambiri. Ninangoti, “Amai, ambuya aja akaponyedwa miyala, tizayankha ciani?” Sanayankhe. Atapukuta misozi ananifunsa funso lina.

“Nanga mwana anamuutsa ndani?”

Ninali na mayankho. Mwana anagona kufupi na citseko, kumene mwina kampweya kanali kulowa. Kusanza kunamuutsa. Matupi amasiyana. Ninawauza zimenezi mwacidule, cifukwa ni zoona. Iwo anagwedeza mutu n'kufunsanso funso lomwelo, monga kuti sininakambe kanthu. Ndiye ninati, “Tiyamike kuti anauka.”

Nitawafotokozera anzanga, wa pa UNZA anati pamenepo ninathawa nkhondo. Mwina n'zoona. Koma nimaona kuti mafunso awiri a amai aang'ono sanali ofanana. Loyamba linali na yankho limene munthu angaligwire na manja, masaka anai na katoni, ndipo kulisiya losayankhidwa kukanavulaza nkhalamba yosalakwa. Pa funso lotero sinigonja, olo afunse ni abusa anga. Laciwiri silinali kufuna dzina la mpweya uliwonse. Anali mzimai amene watsala pang'ono kuika maliro atatu, akufuna kudziwa kumene angapereke zikomo. Kemisitiri ingafotokoze mmene mwana anaukira, ndipo nimaikhulupirira. Ngati pali wina woyenera kuyamikidwa, imeneyo ni nkhani imene ine na wa pa UNZA tizakangana mpaka tikakalambe, ndipo palibe amene azaponyedwa mwala cifukwa ca iyo.

Apapa sanaitanidwe. Ndalama zija zinagula galasi ya pa windo na bulangeti. Sinikamba kuti amai aang'ono na ambuya aja lomba ni mabwenzi, ai. Koma patapita masiku anapatsana moni pa pompi anthu akuona, ndipo anyamata a mu mseu anapeza nkhani zina.

Amene anabwera kudzacotsa masaka ni wa pa UNZA, cifukwa ndiye wamtali. Atatsika pa mpando, amai aang'ono anamugwira dzanja n'kuyamba kumupempherera kuti akaphase mayeso. Ninamuona atatseka maso. Iye mpaka lelo amati inali fumbi ya m'masaka.

Mphepo ikabwera, phikani, otani, koma pogona mbaula itulutseni, olo ioneke monga yazima. Tumabowo twa mpweya musatutseke. Ndipo ngati nonse m'nyumba mwauka na mutu pa nthawi imodzi, tsegulani citseko, tulukani panja, pitani ku kiliniki. Pempherani muli m'njira.

Ife tikali kukumana pa Sondo. Sabata yatha wometa anafunsa kuti ngati mphamvu siitayika koma imangosintha maonekedwe, monga mmene fizikisi imakambira, nanga munthu akafa imapita kuti. Wa pa UNZA anati imasanduka kutentha na cakudya ca nyongolotsi. Nesi anaitanitsa Fanta.